Diso Langa Linathera M'galaja ya ku Bolton

Lero ndili ndi diso limodzi chifukwa ndinalola munthu kumanditsekera m'galaja ngati mbuzi, ndipo nditavulala ndinaopa chipatala kuposa khungu. Inu owerenga, ndimvereni bwino.

Ndinkakhala ku Bolton, tauni ya kuno kwa azungu, ndikudikira yankho la pempho langa lokhala m'dziko muno ngati wothawa kwawo. Lamulo silinkandilola kugwira ntchito, koma kukhala m'chipinda tsiku lonse n'kumayang'ana khoma kunkandizunguza mutu. Kwathu ndinali makaniko ku Ndirande, choncho mzungu wina dzina lake Gary atamva zimenezi ananditenga. Iyeyu ankagula magalimoto akalekale a ku Amerika, aja a injini zikuluzikulu zolira ngati bingu, n'kumawadzutsa kuti agulitse. Akamachoka ankakhoma chitseko chachitsulo ndi loko kunja, ati kuti a boma asandione. Ine ndinkachita kuthokoza.

Ntchito yanga inali kukonza mabusita a mabuleki. Busita ndi chitini chonga mbale ziwiri zovundikirana, chimene chimathandiza phazi la dalaivala kuti buleki igwire mosavuta. Mkati mwake muli mphira ndi sipuling'i yamphamvu kwambiri. Musanatsegule mumayenera kuwerenga nambala yodindidwa pachitinipo kuti mudziwe mtundu wake, kenako kuchimanga m'chopanira.

Tsiku la ngoziyo nambala inali itadyeka ndi dzimbiri, ndipo chopanira Gary anali atabwereketsa. Ndinamupempha kuti tidikire. Anayankha kuti mwini galimoto akubwera Loweruka, ndipo ngati ntchito sindikuifuna, foni imodzi yokha ikwanira kuti a boma andikweze ndege yobwerera kwathu. Anakhoma loko n'kumapita.

Ndinapana chitinicho ndi mawondo n'kuyamba kuchigogoda ndi hamala, ndikuganiza kuti ndi mtundu umene ndinazolowera. Chinatseguka mwadzidzidzi, chivundikiro n'kundimenya kumaso. Nditatsitsimuka, ovolosi yonse inali magazi okhaokha. Ndinakwawira kuchitseko, kukankha, osatheka. Zenera panalibe. Foni ndinali nayo m'thumba, koma chala chinakana kuimbira ambulansi, poti m'maganizo ndinkaona apolisi akubwera nayo limodzi. Ndinaimbira Gary, osayankha. Kunja mabasi ankadutsa, anthu ankaseka, ine nditagona pasimenti, chinsanza cha oyilo chili kumaso.

Gary atabwera madzulo anakanditula pakona ya msewu wathu, n'kunena kuti ndikangotchula za galaja, wothamangitsidwa m'dziko muno ndikhala ineyo. Ndinabindikira m'chipinda ndikumwa panado mpaka diso linayamba kutuluka mafinya. Lamlungu a Nachisale, namwino wakwathu amene timapemphera limodzi, anabwera atandisowa kutchalitchi. Atachotsa nsanzayo anangoti, "Achimwene, valani jekete. Tikupita pompano."

Kuchipatala anandilandira ngati munthu wina aliyense, palibe anaitana apolisi. Dokotala anati ndikanafika tsiku lomwelo mwina akanalipulumutsa, koma tsopano linali loyenera kuchotsa. Gary anasamutsa galaja yake, sindinamuonenso. Yankho la pempho langa ndikudikirabe mpaka pano.

Inu owerenga, makamaka abale anga amene mukudikira mapepala, chitsulo chimene simukuchidziwa musachitsegule popanda zida zake, ngakhale bwana akuopsezeni bwanji. Munthu wokutsekerani ndi loko akudziteteza yekha, osati inu. Ndipo mukavulala, thamangirani kuchipatala magazi asanaume. Mlandu wa mapepala munthu amachita apilo, koma diso likapita palibe khoti limene lingakubwezereni.