Mbale imene mayi Fusae anapungula

Mayi Fusae akhala akutsuka mbale m'kanyumba kodyera ka amuna awo, bambo Tokuji, chikwatiwire. Bamboyo amaphika ramen, timizere ta ufa wa tirigu mu msuzi wa mafupa a nkhuku. Mayiwo malo awo ndi kuseri, manja m'madzi.

Kwathu kuno wophika sayamikidwa ndi mawu. Ngati msuzi wakukomera, umanyamula mbale ndi manja awiri n'kumwa mpaka pansi. Choncho mayi Fusae ankadziwa za amuna awo kuposa wina aliyense. Kale mbale zinkabwera zouma. Zaka zaposachedwazi zinkabwera ndi msuzi wofika pakati, iwo n'kumaukhuthula msanga bamboyo asanacheuke.

Ine, wolemba ndakatulo, ndinatsika kuphiri ndili mnyamata, ndipo ndimadya pamenepo masana aliwonse. Mpunga utakololedwa, atsekwe akudutsa kupita kum'mwera, mayiwo anandikoka malaya pakhomo.

"Alakatuli, mawa tatseka. Mundiperekeze kokadya ramen kutsidya kwa mtsinje."

"Kuja kumakhala mzere wa anthu kuja?"

"Ndikungofuna ndikaone chimene chikupusitsa anthu. Bambo asamve."

Tinaima pamzere pakati pa ana asukulu, mphepo ikugwetsa masamba ofiira mumtsinje. Mayi Fusae anakweza mpango mpaka pamphuno.

"Ndingolawa kamodzi basi," anatero. "Msuzi wa masiku ano ndi mafuta okhaokha."

Mbale yotchukayo inabwera ikufuka: msuzi wa tinsomba touma, kachigamba ka nkhumba, anyezi wobiriwira pamwamba. Analawa kamodzi. Analawanso. Kenako mpango unatsika, timitengo todyera tinayamba kuyenda, ndipo ndisanafike pakati pa mbale yanga ndinaona manja awo okhakhala atanyamula mbale, mutu uli chagada.

Ataitsitsa inali youma. Anaiyang'ana ngati agwetsa mwana wa eni.

Wophika, mayi wa nkhope yozungulira, anasuzumira n'kufuula: "Aa! Si mayi a kwa Tokuji awa? Apungula yonse! Anthuni, lero ndigona tulo tabwino!"

Onse anatembenuka. Pakona panali bambo Genzo, wogulitsa njinga, amene amamwa ndi bambo Tokuji.

"Kwanu njala, mayi?" anaseka. "Tikamuuze mkuluyo awonjezeko moto?"

Pobwerera, mayi Fusae anandiimitsa pa mlatho.

"Sindinafune ayi. Manja anangonyamula okha."

"Tikanena kuti ndinakukakamizani ndine."

"Genzo ali ndi njinga, alakatuli. Wafika kale."

Tinawapeza bambo Tokuji akuyengula thovu pa mphika wa mawa. Sanacheuke. Ine ndinafuna kuthawa, koma mayiwo anandigwira dzanja.

"Akuti unapungula," anatero bamboyo.

"Eya, bambo."

"Unali bwanji?"

Ndinapemphera mumtima kuti aname. Mayi Fusae anayang'ana pansi.

"Unali wokoma."

Mphika unkangobwadamuka. Bambo Tokuji anatunga msuzi wa dzulo, nautenthetsa, nausakaniza monga amachitira kwa alendo, n'kuwapatsa mayiwo m'kambale.

"Nanga uwu?"

Analawa, maso atadzaza misozi.

"Mchere wachuluka, bambo. Si lero lokha. Lilime lanu lakalamba, ine ndimangobisa mbale."

"Ndiwe unkabisa?" Anatembenukira kwa ine. "Nanunso alakatuli, masana aliwonse, osanena kanthu?"

Mcherewo ndinkaumva ndithu. Ndinkamwa madzi ambiri basi.

Bamboyo anazima moto n'kukwera kuchipinda. Sanatsegule mawa lake, ngakhale mkuja. Mayi Fusae ankasesa pakhomo popanda wolowa, n'kumauza aliyense wodutsa kuti cholakwa n'chawo.

Anatsegulanso kanyumbako chipale chofewa choyamba chitagwa pa mapiri. Tsopano m'mawa uliwonse bamboyo amatunga msuzi m'kambale n'kuika pa thabwa. Mayiwo amapukuta manja, amalawa, amati "pang'ono madzi" kapena "basi". Bamboyo amachita zomwezo atatembenuzira nkhope kukhoma.

Sanawakhululukire kwenikweni. Mayi Fusae akuti usiku amagona atawafulatira, ndipo iwo sadandaula. Dzulo ndinawafunsa ngati amakumbukirabe msuzi wa kutsidya.

Anasuzumira kukhitchini kaye.

"Ndimaulota," ananong'oneza. "Musakalembe zimenezo."