Huva Yofiira Inapita ku Bembeke

A Vitus ndinawadziwira m'sitolo ya zitsulo ku River Road, chaka cha 1975, nditangofika kumene ku Nairobi kudzagwira ntchito ya ukalaliki ku bungwe lina la mayiko. Ankanenerera mtengo wa nthambo ya magetsi m'Chiswahili chothyokathyoka. Mwini sitolo atakana, ndinamva akung'ung'udza okha: "Iii, koma anthu awa, ngati nthamboyo ndi yagolide."

"Mwaswera bwanji, achimwene?" ndinatero.

Anatembenuka, nandigwira dzanja ndi manja onse awiri, osalitaya msanga. Anali bambo wamfupi, wa zikhadabo zakuda ndi girizi.

Kwawo kunali ku Bembeke, ku Dedza. Anabwera ku Kenya ndi mzungu amene ankamuphikira ku Blantyre, atauzidwa kuti ndi zaka ziwiri basi. Kumudzi anasiya akazi awo, a Modesta, ali ndi mwana kumsana, dzina lake Lenah. Mzunguyo atamaliza ntchito anabwerera kwawo, ndipo a Vitus anasiyidwa m'manja mwa amene analowa m'nyumbamo, pamodzi ndi firiji, makatani ndi galu. Zinkachitika choncho nthawi zonse. Nyumbayo, ya ku Lavington, dera la anthu olemera mu Nairobi, inkasintha mabwana, wophika ali yemweyo, ndipo mapepala awo okhalira m'dzikomo ankadalira bwana amene analipo.

Mzungu woyamba uja anasiyanso huva yakufa, makina aja oyamwa fumbi pa kapeti. Inali yamtundu wakale, kamgolo kachitsulo kokokedwa pansi, kokhala ndi paipi yaitali ngati chitamba cha njovu. A Vitus anaitsegula ndi mpeni wa kukhitchini, nalimbana nayo mpaka inalira. Mbiri inamveka m'mipanda yonse ya ku Lavington. Antchito anzawo akaona adona akutaya huva, ankabwera nayo kwa iwo. Azungu akamachoka, a Vitus ankaimirira pageti kufunsa ngati pali yotsala.

Tsiku loyamba kulowa m'chipinda chawo, kuseri kwa galaja, ndinasowa popondapo. Ena mwa mahuvawo anali aatali ngati mtondo wogoneka, ena obulungira ngati dzungu. Anali pansi pa bedi, pa mashelefu, ena atasanjikizana mpaka kutseka zenera. Mapaipi ankalendewera kudenga. M'chipindamo munkanunkha mafuta a makina ndi fumbi la m'nyumba za eni.

"Mumagona pati?" ndinafunsa.

"Ndimapempha malo kwa eni akewa," anatero akuseka.

Ankagwira ntchito yawo mwa njira yawoyawo. Paipi yong'ambika ankaimata ndi mphira wa chubu cha njinga. Matumba osungira fumbi ankasoka okha kuchokera ku mathalauza akale a khaki. Timateyala ankatichotsa ku ngolo zakale za ana zimene ankagula kumsika wa ku Ngong. Injini ankaiyesa ndi khutu, ataitsamiritsa patsaya, maso atatsinzina. Lamulungu lililonse masana, mabwana akapita kokayenda, ankayatsa huva iliyonse, imodziimodzi, kuti injini zisagone. Ine ndinkakhala pakhomo n'kumamvera.

Sanali kusonkhanitsa mwamisala. Anali ndi cholinga.

"Ku Lilongwe akumanga likulu, a Masauko. Maofesi onse aja aika makapeti. Adzasesa ndi chiyani, tsache la udzu? Ine ndikafika ndi gulu langali, ntchito idzandifuna yokha. A Modesta adzagona m'nyumba ya malata."

"Bwanji osapita kaye kukawaona?"

"Chimanjamanja? Anzanga a ku Joni anabwera ndi njinga, ena ndi wailesi. Ine nditsike basi pa Bembeke ndi chikwama chokha, ana azinditcha mtchona wobwera ndi ndevu basi?"

Anali atagwirizana kale ndi dalaivala wina wa lole kuti adzanyamule katunduyo kudzera ku Tanzania. Kenaka, mu 1977, malire a Kenya ndi Tanzania anatsekedwa. Malole anaima. Njira inatsala ya ndege, koma ndege imalola sutikesi imodzi. A Vitus anati adikira, zinthu ngati zimenezi sizikhalitsa. Chaka chinatha, china chinatha. Mahuva ankachulukirabe, ndipo chitseko cha chipinda chija chinasiya kutseguka chonse. Munthu ankalowa cham'mbali.

Ine ndinkapita kumudzi pa tchuthi zaka ziwiri zilizonse, ndipo ndinkadzera ku Bembeke kukasiya zitenje ndi sopo. Mu 1980 ndinapeza a Dunstan, amalume awo a Modesta, amene analinso nkhoswe ya ukwatiwo, akundidikira.

"Bambo, zitenje taziona," anatero. "Koma chitenje sichilima, sichifolera denga. Mwana uyu wafika sitandade fili osadziwa nkhope ya bambo ake. Ulendo wina mukamabwera, mubwere nawo. Mukadzabwera nokha, ife tidzamasula mwana wathu."

Ndinakafotokoza mawuwo monga ndinawamvera, osachotsapo. A Vitus ankapukuta huva yobiriwira. Sanasiye kupukuta.

"Malire atseguka isanafike nthawiyo," anatero.

Sanatseguke. Tchuthi changa cha 1982 chitayandikira, adona a nthawi imeneyo, a Jean, anamva nkhaniyi ndipo anati tikiti ya ndege alipira iwo. Anawonjeza kuti a Vitus akapita, chipinda chija achiyeretsa, chifukwa ankaopa moto. Mawu amenewa ndi amene anawakhala pamtima a Vitus.

"Mwamva? Ndikangotuluka, zonsezi zikupita kudzala."

"Akazi anu akudikira," ndinatero.

"Zaka khumi, a Masauko. Ndikazisiya, zaka khumi zija ndikawaonetsa chiyani?"

M'mawa wa tsiku la ulendo a Vitus anafika kwathu ku Lang'ata pa matatu, minibasi ya kumeneko, atasenza katoni yomangidwa ndi zingwe. Anavala malaya awo a kukhitchini. Sutikesi panalibe.

"Iyi ndi huva yofiira ija, mfumu ya onse. Mukawapatse a Modesta pamaso pa amalume. Akaiona adziwa kuti sindikusewera kuno. Mukati ine ndikubwera ndi anzake msewu ukangotseguka."

"Anaitana inu."

"Mukangowapatsa. Akaona."

Ndinatulutsa zina mwa zovala zanga m'katundu kuti katoniyo ikwane pa sikelo.

Ku Bembeke ndinapeza anthu atasonkhana. A Modesta anali atazira nyumba m'mawa womwewo, pansi pakuoneka pakuda bii, posalala. Lenah anavala diresi la kusukulu ngakhale linali Loweruka. Onse ankayang'ana kumbuyo kwanga, kunjira. Ine ndinatula katoni pabwalo.

A Dunstan anadula zingwe. Huva inatuluka ikuwala padzuwa, yofiira psuu, paipi yake itakulungidwa bwinobwino.

"Chimenechi chimatani?"

"Chimayamwa fumbi m'nyumba."

"Chimadya chiyani?"

"Magetsi."

Wina anaseka kumbuyo. Mayi wina anati, "Mwina chimalimanso, tachifunseni." A Modesta sanaseke. Ankayang'ana pansi pa nyumba yawo pamene anazira.

A Dunstan anatembenukira kwa a Matthews, akulu awo a Vitus, amene anali nkhoswe ya kuchimuna.

"Alamu, mwaona nokha. Tinaitana munthu, kwabwera chitsulo. Kwathu kuno mwamuna akamasiya mkazi amapereka kanthu pamaso pa ankhoswe, kaya ndi singano, kaya ndi khobidi. Wanuyu wapereka chachikulu. Ife tachilandira ngati chisudzulo."

Ndinayesa kunena kuti si mmene mwini wake anatumira. A Matthews anandigwira bondo kuti ndikhale chete. Pamlandu wa ukwati, wongotumidwa alibe mawu.

Tchuthi chitatha ndinadzeranso pomwepo kukatsanzika. Huva inali pakona ya nyumba. Injini anali ataichotsa, ana akuseweretsa paipi panja. M'kamgolo muja a Modesta anathiramo mbewu ya nyemba.

"Chivundikiro chake chimagwira," anatero. "Mukawauze kuti chafika, ndipo chikugwira ntchito."

Nditabwerera ku Nairobi ndinawapeza a Vitus Lamulungu masana, ali pakati pa kuyatsa mahuva. Anazimitsa. Ndinafotokoza zonse, kuyambira zingwe mpaka nyemba. Anakhala pa bedi, mawondo atagunda huva ya kutsogolo kwawo, chifukwa panalibe potambasulira miyendo.

"Lenah anaigwira?"

"Anaigwira."

A Vitus anayang'ana pa shelefu pamene inkakhala.

"Chivundikiro chija ndinachiikira mphira watsopano," anatero. "Nankafumbwe sangalowe."

Kumapeto kwa chaka chotsatira malire anatsegulidwa. Dalaivala wa lole uja anabwera yekha kudzafunsa ngati katundu wakonzeka. A Vitus anamuuza kuti pali ziwiri zimene zikusowa timateyala, abwere ulendo wina. Anabweranso, namva zomwezo, ndipo sanabwerenso. A Jean anachoka, kunabwera bwana wina, nalandira nyumba, firiji ndi wophika.

Ine ndinachoka ku Nairobi mu 1988. Nditapita kukatsanzika ndinaona kuti pa shelefu pamene panali yofiira panali pakadali popanda kanthu, ngakhale ena anali atasanjikizana mpaka kudenga. Ndinawafunsa ngati ali ndi mawu opita kumudzi. Anapukusa mutu. Anandiperekeza mpaka pageti, pomwe ankalekezera masiku onse, nabwerera. Ndisanafike pokwerera matatu ndinamva huva ikulira kuseri kwa galaja. Inalira pang'ono, inaleka, kenaka inayamba ina.