Khoma Lokhota ku Fourways

Ku Fourways kuli khoma la njerwa lozungulira nyumba zomangidwa mothithikana, ndipo cha kumunsi, kufupi ndi khwawa, khomalo limakhota ngati lapunthwa. Anthu odutsa amati amisiri ake anali ataledzera. Bodza limenelo. Khomalo ndinalikhotetsa ndine, ndi pakamwa pangapa.

Ndinabwera ku Joni kudzagwira ntchito ya mumgodi, ngati anzanga ambiri a kwathu ku Dedza. Itafika nthawi yoti anthu akwathu abwerere kumudzi, ine sindinakwere nawo. Ndinali nditaona kale mkazi ku Alexandra, wobadwira konkuno, koma makolo ake anali a ku Ntcheu. Ndinasiya chisoti cha mumgodi n'kukalowa ntchito yosamalira pabwalo kwa mzungu wina ku Fourways. Musaganize za Fourways mukumuona leroyu. Kunali kutchire: mapoloti akuluakulu, mahachi, bulugamu, misewu ya fumbi. Abwana ankati anandilemba chifukwa cha mawu, poti ndikaitana agalu athu ankabweranso agalu a mapoloti ena. Mawu anga ndi otero, sindinawagule kusitolo. Kunong'ona ndinakuyesa, kunandikana.

Lamulo la tsankho la masiku amenewo silinkalola mkazi wanga kugona m'kachipinda kanga ka kuseri kwa garaja. Koma ankagonamo. Adona, mkazi wa abwana, ankadziwa n'kumayang'ana kumbali. Abwana ankachita ngati madiresi a pachingwe aja ndimavala ndine.

Mimba yoyamba ya mkazi wanga inafika pa nthawi yake azungu athu ali kutchuthi. Apongozi anga, mayi ake, anali atabwera kudzadikirira. Mwana anabadwa masana dzuwa likuswa mtengo, koma sanalire. Kwathu mwana wotere timati mtayo, ndipo ali ndi mwambo wake. Saliridwa. Sakhomeredwa bokosi. Amakamuika amayi okhaokha, ndipo dzenje lake silizama, chifukwa mukakumba kwambiri mwakwirira ndi mimba ya mayi yomwe, sadzaberekanso. Mwamuna sapitako, saona, safunsa. Apongozi anandikhazika pakhomo pa khola la mahachi, msana kukhwawa. Anatenga khasu langa, iwo ndi mayi wina wochapa wa pa poloti loyandikana nalo, n'kutsikira kumunsi. Pobwera, khasu analitsuka n'kuliimika pamalo pake. Nkhani inathera pomwepo.

Ntchito anaigwira bwino, poti pambuyo pake tinabereka ana ena, amoyo. Ine kuyambira tsikulo makina otchetchera udzu sindinawatsitsenso kukhwawa. Kumeneko ndinkamweta ndi chikwakwa, modekha, osaponda mwamphamvu. Abwana ankaona ngati ndi khalidwe langa chabe la munthu wovuta.

Zaka zinapita. Mkazi wanga anamwalira ndi chifuwa, tinakamuika ku Alexandra, ana n'kukakhala kwa agogo awo. Mayi wochapa uja anabwerera kwawo, tinangomva kuti anatisiya. Wodziwa pamene panagona mwana wanga anatsala mmodzi yekha, apongozi.

Kenaka Fourways anayamba kutentha. Azungu ankathawa pakati pa Joni kubwera kumpoto kuno, aliyense akufuna kanyumba ka mkati mwa khoma lalitali. Msewu anauthira phula. Pageti pathu sipankatha sabata osaima galimoto ya anthu ogulitsa malo, ovala mataye, omwetulira ngakhale kwa agalu. Poloti la kumtunda linagulidwa, akatapila anabwera, bulugamu yense gwa, gwa, gwa. Pamene pankadya hachi mmodzi panamera nyumba zosawerengeka, zofanana ngati mazira. Nthawi yomweyo dziko linali likutembenuka, ulamuliro wa azungu ukutha, ndipo azungu ambiri mitima inali m'mwamba. Uyu wapita ku Australia, uyu ku Ingalande. Abwana anga anapita kutchuthi ku chilumba cha Morishasi, anabwerako ofiira ngati phwetekere, pakamwa chilumba chokhachokha. Kulibe chisanu, kulibe zitsulo m'mawindo, mawondo awo kumeneko sankawawa. Sipanatenge nthawi, pageti panaima chikwangwani.

Tsiku lina anandipeza ndikudulira maluwa. Tinkalankhulana Chingerezi chosakaniza ndi Chifanakalo cha kumgodi, koma ndikuuzani m'chathu.

"Madala, tikugulitsa. Tipite tonse kuchilumba. Dzuwa chaka chonse. Ukadzala mango ndi mapapaya ngati kwanu."

"Abwana, kwathu n'ku Dedza. Chisanu ndi m'bale wanga, tinayamwa bere limodzi. Dzuwa lanulo kawotheni nokha."

Anaseka. Ine sindinaseke. Ndinaika sizasi pansi.

"Ogulawo khwawa alitani?"

"Asalaza. Amangapo nyumba mpaka kumadzi."

"Ayi, kumeneko ndiye samangako. Kuli mwana wanga."

Ndinawafotokozera zonse. Ndisawanamizire, sanali munthu woipa. Anavula chipewa, kenaka anati aitana anthu odziwa ntchito adzafukule mwanayo, amugulire bokosi loyera, akamuike pafupi ndi mayi ake ku Alexandra. Ndingowalozera malo.

"Sindikudziwa," ndinatero.

"Mwana wako yemwe, sukudziwa pamene anagona?"

"Sindikudziwa, ndipo manyazi ndilibe. Ndikanadziwa ndiye bwenzi ndili munthu wopanda mwambo. Ndipo poti sindikudziwa, kwa ine khwawa lonselo ndi manda, kuyambira pa bulugamu mpaka pa mwala."

Nkhope yawo inasintha. Anaganiza kuti ndapeka nkhaniyi kuti ndisachotsedwe m'kachipinda kanga. Anandiuza kuti ndisayerekeze kutsegula pakamwa ogula akabwera, chifukwa mawu akuti manda amathamangitsa anthu. Kundiuza ine kuti ndisatsegule pakamwa! Munthu amene anandilemba chifukwa cha pakamwa pomwepo!

Ogula anabwera ndi wogulitsa malo wina, wa taye yofiira, atanyamula ndodo zawo zoyezera. Ndinawasiya ayende m'nyumba, aone garaja, agogode makoma. Atayamba kutsikira kukhwawa ndinakaima pakati pa njira ndi chikwakwa changa paphewa. Sindinachikweze, ndisanamiziridwe. Ndinangokweza mawu.

"Apa ndiye pothera! Kumunsiku kuli manda a mwana wanga!"

Mahachi anadzidzimuka m'khola. Amisiri a pa poloti la kumtunda anasiya njerwa n'kusuzumira pakhoma.

Wa taye yofiira anamwetulira. "Chabwino madala, tionetse mtanda. Kapena mwala. Kapena kamulu ka dothi."

"Kulibe."

"Ndiye kulibe manda."

"Iwe unabadwa ndi mtanda pamutu kuti tidziwe kuti ndiwe munthu? Bweretsa katapila wako. Ayambe kudya ine, ndine wonona."

Amisiri aja anafa nalo phwete. Ogula sanaseke, anabwerera kugalimoto akunong'onezana. Madzulo abwana anandiitana pakhonde. Anandikumbutsa kuti mapepala anga okhalira m'dziko muno anali pa dzina la ntchito yawo, ndipo foni imodzi yokha ikanandikweza sitima ya kwathu. Ndinati, "Imbani. Foni ili apo. Apolisi akabwera ndiwauzanso, ndipo amva mpaka ku Pretoria." Sanaimbe. Koma ndinadziwa kuti kukuwa kokha sikuimitsa katapila. Ndinakwera minibasi kupita ku Alexandra.

Apongozi anga ankagulitsa mitu ya nkhosa yophika kuseri kwa nyumba ina, ndipo lilime lawo linali lakuthwa kuposa mpeni umene ankagawira mituyo. Mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso. Ndinakhala panja pa kabenchi, nkhope kukhoma, iwo ali mkati pa chitofu. Ndinapereka moni, ndinafotokoza. Iwo poyankha ankalankhula ndi mphika wawo.

"Iwe mphika, wamva? Abambo a kunjawo akalamba, nzeru zayamba kudontha. Akufuna ndiwalozere. Mwamuna! Ndi ndevu zawozo!"

"Amayi, si ine wofuna kuona. Ndi mzungu."

"Mzunguyo ndi wamkazi?"

"Wamwamuna."

"Ndiye akufunsiranji? Mwana wanga wamkazi anamwalira, inde, koma mwambo sitinauike naye m'bokosi. Ndipo mtayo safukulidwa. Munamva kuti? Akufuna atseke mimba za adzukulu anga?"

"Ndiye katapila adutsapo, amayi."

Ndinkangomva mphika ukubwata. Kenaka anagogoda chikombe pa chivundikiro.

"Mzungu wawoyo ali ndi mkazi?"

"Alipo."

"Anaberekapo?"

"Anabereka."

"Uwauze a kunjawo ndibwera Lachinayi. Ndipo asiye kukuwa pakhomo panga, akuthamangitsa ogula."

Anabweradi, atafunda bulangete, ambulera m'manja, akutsimphina. Sanagogode kukhitchini ngati anthu akuda onse. Analowera khomo la kutsogolo, n'kuwagwira adona padzanja ngati akugwira mwana wopita naye kusikelo. Adona anayang'ana ine. Ndinati, "Pitani nawo, adona. Ndi za amayi." Anatsika. Abwana ananyamuka kuti atsatire, apongozi anangotembenuka n'kuwaloza ndi ambulera pachifuwa. Chingerezi sankachidziwa bwino, koma ambulera uja anamveka.

Ndinawatenga abwana kukawakhazika pakhomo pa khola la mahachi, pamene ndinakhala ine tsiku lija, msana kukhwawa. Tinakhala awiri pa mitolo ya udzu. Khosi la abwana linkayabwa. Atayamba kucheuka ndinabangula, "Maso kutsogolo, abwana!" ngati kapitawo wa mumgodi. Anawongoka nthawi yomweyo. Zaka zonse zija ankandilamula ndi iwo. Tsiku limenelo anaona mmene zimakomera.

Amayi aja anachedwa. Pobwera, siketi ya adona inali ndi matope m'mawondo, milomo ataluma. Misozi inali pafupi koma sinagwe, poti apongozi anali atawauza ndi manja kuti kumeneko salira. Abwana anaimirira.

"Ndiye ndi pati?"

Adona anawayang'ana amuna awo, n'kunena kuti, "Si za amuna."

Ine ndinaomba m'manja, ndikuuzeni zoona. Apongozi anandidzudzula kudzera kwa hachi, kuti auze a pakholawo asiye chibwana.

Zimene sindinkadziwa n'zakuti polotilo linali la adona, anawasiyira ndi bambo awo. Popanda dzanja lawo silikanagulitsidwa. Atabweranso wa taye yofiira, adona anayenda naye okha, akukhoma zikhomo kutali ndi khwawa, kuyambira pa bulugamu mpaka pa mwala, malo aakulu moti mwamuna aliyense sangaloze kuti ndi apa. Anati khoma lidutse kumtunda kwa zikhomozo, kumunsi kusakhudzidwe, ndipo zilembedwe choncho. Wa tayeyo analira kuti ogula ataya malo a nyumba zingapo, athawa. Adona anati athawe, pageti pali ena. Ndipo analipodi. Masiku amenewo malo ku Fourways ankalimbiranidwa ngati nyama ya pamaliro. Ogula aja anadandaula, anatukwana m'chinenero chawo, koma anagula.

Abwana anakhala masabata osandilankhula. Tsiku lonyamuka, katundu atapita kale, anabwera kuseri kwa garaja. Anandifunsanso, mwina mwa mwambo chabe, ngati sindinasinthe maganizo za chilumba.

"Abwana, inu mukuthawa chisanu. Ine ndithawe chiyani? Mkazi wanga ali ku Alexandra, mwana wanga ali kukhwawa. Pachilumbapo ndikakuwa andimva ndani, nsomba?"

Anandigwira chanza, mwamphamvu ndithu. Adona anangoyang'ana kumunsi kamodzi n'kulowa m'galimoto.

Akatapila anabwera. Nyumba anagwetsa, khola anagwetsa, kachipinda kanga anakakankha ngati bokosi la machesi. Ine tsiku lililonse ndinkakhala pa mwala uja kuyang'anira zikhomo. Woyendetsa katapila wina, Mzulu, anayesa kudula njira kuti atembenukire kumunsi. Ndinakuwa, anandimva ngakhale injini inali ikulira. Anabwerera chambuyo, ndipo kuyambira pamenepo ankandipatsa moni ndi manja awiri. Amisiri atafika ndi chingwe chawo chowongolera khoma, anachikhotetsa motsata zikhomo, akung'ung'udza kuti ntchito yawo ioneka yoipa. Ndinati ioneke yoipa, ndidzaikonda ndine.

Eni nyumba zatsopanozo anafuna munthu wosamalira kapinga, ndipo ndani ankalidziwa dothi limenelo kuposa ine? Anandilemba. Mkati mwa khoma ndinkatchetcha ndi makina awo. Ndikaweruka ndinkatuluka pageti, kuzungulira, n'kukamweta kukhwawa ndi chikwakwa changa. Palibe anandituma, palibe anandiletsa.

Apongozi anamwalira osandiuza malowo, monga kuyenera. Lero wodziwa malo enieni ndi mzimayi mmodzi wachizungu amene akuwotha dzuwa pakati pa nyanja, ngati akali moyo, ndipo ndikhulupirira kuti amuna ake sanawauzebe. Ine sindidziwa, ndipo sindidzafunsa. Ndimamweta ponseponse mofanana.

Chaka chatha kunabwera anyamata awiri ndi ndodo yoyezera, akuyang'ana malo a kunja kwa khoma aja, akuti akuwonongeka pachabe. Mawondo anga anatha, maso achita nkhungu, koma chifuwa chikadalipo. Ndinayamba kuwakuwira ndili pageti. Pamene ndinkafika pa bulugamu, iwo anali atalowa kale m'galimoto, ndodo yawo ataiwala m'udzu. Ndinaitola. Ndi imene ndimayendera.