Chimunthu Chachitsulo cha a Gogoda

Dzina lawo lenileni linatsala pachiphaso basi. Mumsewu monse, kuyambira kwa wogulitsa matayala mpaka kusitolo ya mankhwala, ankawatchula a Gogoda, ndipo eniake ankayankha mokondwa. Ntchito yawo inali yowotcherera zitsulo: mageti, mabedi, madesiki a kusukulu. Koma zimenezo zinali zongopezera chakudya. Mtima wawo wonse unali pakona ya shedi yawo, pamene panaima chimunthu chachitsulo chotalika kuposa chitseko, chitafunditsidwa bulangete kuti chisalowe fumbi.

Chimunthucho chinachokera mufilimu. Anaionera ali mnyamata, tsitsi likadali lonse, atakhala pafupi ndi mtsikana amene pambuyo pake anadzakhala mayi wa kunyumba kwawo. Inali filimu ya ana amene anatsala okha m'chombo chowonongeka, kutali kuseri kwa nyenyezi. M'chombomo munali loboti yokalamba, yadzimbiri, imene ntchito yake inali yosesa. Lobotiyo inali ndi ulemu woposa wa anthu ambiri amene ine ndikuwadziwa: sinkalowa m'chipinda isanagogode, go! go-go! Ana akamva kugogoda kumeneko ankadziwa kuti chithandizo chafika. Pachifuwa pake panali kachitseko, ndipo kamwana kakang'ono kakazizidwa inkakalowetsa mmenemo kuti kafunde. Kumapeto, lobotiyo inatsala mumdima itagwirira chitseko cha chombo kuti ana athawe, anawo akukuwa kuti adzabweranso kudzaitenga.

Filimu inatha, magetsi anayaka, mnyamata uja akungolira ngati wamwalira mbale wake. Mtsikanayo anamuseka njira yonse, koma anamulola ukwati.

Atalowa m'banja ndi pamene anayamba kuipanga lobotiyo. Mutu unali ndowa, miyendo mapaipi a chumuni, chifuwa chitseko cha uvuni wa chitofu chakale. Ataivala koyamba inawacheka m'mapewa magazi chuchuchu. Mayi a kunyumba anawakalipira kuti munthu wamkulu sasewera ndi ndowa, kenako anatenga diresi yawo yobiriwira ya maluwa, ija anavala tsiku la filimu, n'kuidula n'kusokera mkati monsemo kuti chitsulo chisakhudze khungu. Kuyambira pamenepo panalibe phwando la kubadwa kwa mwana limene linkakoma popanda a Gogoda. Ankafika pakhomo gwedegwede, n'kugogoda go! go-go! ana n'kuthamangira, kachitseko ka pachifuwa n'kutseguka, maswiti mbwee. Ana amene anadya maswiti amenewo lero ndi madalaivala, aphunzitsi, ena ali ndi zidzukulu.

Mayi aja atamwalira, a Gogoda sanasiye. Ankati akalowa m'chimunthumo, nsalu yobiriwira ija ikawakhudza paphewa, amamva ngati mayiwo awagwira.

Anatsala ndi mwana mmodzi wamkazi, namwino, ndi mdzukulu mmodzi, kamtsikana kongoyamba kumene sukulu, kolongolola ngati wailesi. Iwo ankakatchula Akapitawo, chifukwa mufilimu muja mwana wolamula anzake anali mtsikana. Loweruka lililonse ankapita kunyumba kwa namwinoyo, n'kugogoda go! go-go! ndipo timapazi tinkamveka tikuthamanga mkati.

"Ndani ameneyo?"

"Ndine wosesa wanu, Akapitawo. Chombo chili bwino?"

"Chili bwino, koma amayi akukana kundipatsa bisiketi!"

Nkhani ya loboti anamufotokozera mwanayo kambirimbiri, moti ankaidziwa ngati pemphero. Funso lake linali limodzi: "Agogo, anabwerera kukamutenga?" Iwo ankayankha kuti, "Adzabwerera. Lonjezo ndi lonjezo."

Ndiye tangoganizani mmene zinalili tsiku limene kasitomala wina anawaonetsa pafoni kuti filimu ija yapangidwanso, ndi anthu atsopano, ndipo ikupitirira pamene inalekera. Mkulu uja anazimitsa makina, geti la eniake lili theka, n'kukhala pansi. Zaka zonsezi anthu ankawaseka kuti akudikira mvula m'chilimwe. Ena anayesa kuwanong'oneza kuti filimuyo akuti yasintha, koma iwo anatseka makutu. "Kandimverere anakanena za m'maluwa," anatero. "Ndikaona ndekha."

Anapita Loweruka masana, atavala jekete la kutchalitchi, Akapitawo ali m'dzanja. Pawindo la matikiti, mtsikana wogulitsayo anasuzumira pansi n'kupukusa mutu.

"Agogo, mwanayu ngwamng'ono. Filimuyi ndi yoopsa."

"Yoopsa? Mwana iwe, filimu imeneyi ndinaidziwa amayi ako asanabadwe. Ndi ya ana. Ndipatse matikiti awiri."

"Koma agogo, malamulo ake..."

"Ukudziwa kuti ndine ndani? Ndine Gogoda amene!"

Mtsikanayo nayenso anadyapo maswiti a m'chifuwa chija ali wamng'ono. Anachita manyazi, n'kupereka matikiti.

Anthu opanga mafilimuwa, kaya anakulira kuti, kaya analeredwa ndi ndani! Ana aja anabwereradi, atakula, atanyamula mfuti. Koma loboti imene anaipeza sinali wosesa waulemu uja ayi. Akuti kukhala yokha mumdima kunaizunguza mutu, ndiye inayamba kusaka ana m'zombo zodutsa n'kumawatsekera m'chifuwa mwake. Maonekedwe anangowasiya omwe aja, dzimbiri lomwe lija, kachitseko komwe kaja. Ndipo isanagwire mwana, holo yonse inkakhala zii, kenako kuseri kwa chitseko kunkamveka go! go-go!

Kugogoda koyamba, Akapitawo anafinya dzanja la agogo ake. Kwachiwiri, anabisa nkhope. Kwachitatu, kachitseko ka pachifuwa katatseguka n'kuonekamo timanja ta ana, mwanayo anasiya dzanja lija pang'onopang'ono n'kuwayang'ana agogo akewo. Sanalire. Anangosuntha n'kukakhala mpando wotsatira.

Akanatuluka pomwepo, mwina zikanachepa. Koma a Gogoda anakakamira pampando, thukuta kamukamu, akudziuza kuti ayi, posachedwa zidziwika kuti ndi bodza, wosesa weniweni atulukira. Sanatulukire. Filimu inatha lobotiyo itadulidwa zidutswazidutswa n'kuponyedwa m'ng'anjo, achinyamata m'holomo akuimba m'manja ndi malikhweru.

Madzulo ake namwino anaimba foni.

"Bambo, mwamuonetsa chiyani mwanayu? Woyandikana nafe wagogoda kudzabwereka machesi, mwana walowa pansi pa bedi, wadzikodzera. Mwana wamkulu ngati uyu!"

"Mwananga, sindinadziwe..."

"Anakuuzani pawindo paja! Wandiuza yekha kuti anakuuzani!"

Loweruka lotsatira mkulu uja anapita ndi bisiketi, dzanja n'kugogoda lokha monga linazolowera, ndipo mkati munamveka kukuwa kumene sanakumvepo chibadwire. Namwino anatsegula pang'ono n'kunena kuti, "Pitani kaye, bambo. Chonde pitani."

Anayesa zonse, ndikukuuzani. Anafukula kaseti ya filimu yakale ija m'sutikesi, n'kuyenda tauni yonse kufunafuna deki yoti n'kuonetsera, kuti mwanayo aone yekha kuti wosesa anali wabwino. Deki inapezeka kwa wokonza mawailesi wina, koma inangoimeza kasetiyo n'kuilavula ili zingwezingwe. Anapita kwa bwana wa holo ya kanema kukapempha kuti aimitse filimuyo. Bwanayo anawapatsa mpando ndi madzi akumwa, n'kuwauza mwaulemu kuti iye amangoonetsa zimene watumiziridwa. A Gogoda anauzanso mnyamata wa pasitolo ya mafoni kuti awalembere uthenga kwa opanga filimuwo, wowafunsa kuti wosesa uja anawalakwira chiyani. Yankho mpaka lero.

Maphwando nawo anatha ngati moto wa mapesi. Amayi amene anawaitana kale ankaimba foni n'kumazungulira mawu, kuti pepani, tasintha pulogalamu. Amene anabwera ndi anyamata a kukoleji, atanyamula ndalama zooneka, kuti a Gogoda akavale chimunthucho kuphwando lawo n'kumaopseza atsikana. Anawathamangitsa ndi chitsulo m'manja. "Wanga saopseza munthu! Wanga amagogoda!"

Kenako anachita chinthu chopusa kwambiri, chimene munthu amachita madzi akafika m'khosi. Anachipenta chimunthucho chikasu, n'kujambula kukamwa komwetulira pandowa paja, n'kudzaza chifuwa ndi maswiti, n'kuchivala n'kukaima panja pa mpanda wa sukulu nthawi yowerukira. Ankaganiza kuti Akapitawo akangoona maswiti akumbukira. Kunali chipwirikiti! Ana anabalalika, zikwama kutayika, wina kugwa n'kusupuka bondo. Akuluakulu a m'makalasi apamwamba anatola miyala. Mkulu uja anaima pakati pa msewu, miyala ikulira pandowa ngo! ngo! iye akukuwa mkatimo kuti, "Ndine! Ndine agogo!" koma mawu sankatuluka bwino. Pa timabowo ta maso anaona mdzukulu wake atakakamira siketi ya aphunzitsi, pakamwa pali yasa.

Namwino anabwera kushedi tsiku lotsatira, yunifolomu ili m'thupi. Sanakalipe, ndipo zimenezo zinawawa kuposa kukalipa.

"Bambo, mwanayu sakudya, sakugona. Akuti agogo amasunga chinthu chija, ndiye kuti ali mbali yake. Akuti ana amene akusowa muli nawo muno." Anapukuta m'maso. "Lamlungu ndi tsiku lake lobadwa. Ndamufunsa kuti tiitane ndani. Wati aliyense, koma agogo ayi."

A Gogoda anayang'ana pakona paja nthawi yaitali. Anali ndi mantha, mantha enieni, oti adzafa mwanayo akuwaopabe.

"Ubwere naye mawa m'mawa," anatero. "Asatsike m'galimoto. Angoonera pawindo."

M'mawa mwake anachikokera pabwalo chimunthu chija, n'kukoleza moto mumgolo. Galimoto itaima, kankhope kanaoneka pagalasi lakumbuyo, maso okha. Mkulu uja anatsegula kachitseko ka pachifuwa n'kupendeketsa chimunthucho kuti mwana aone kuti mulibe kanthu. Kenako analumikiza gilayinda, makina ake odulira zitsulo aja.

Anayamba ndi manja. Moto unathetheka, chitsulo chikulira mokweza moti oyandikana nawo anatuluka m'mashedi mwawo. Palibe anaseka. Wogulitsa matayala anavula chipewa. A Gogoda anadula miyendo, anadula khosi, ndowa n'kugubuduka mpaka m'ngalande. Malo alionse amene ankadula ankawadziwa: apa ndinawotcherera mwana wanga ali m'mimba, apa ndinakonza titabwera kumaliro. Asanadule chifuwa anapisa dzanja mkati n'kumatula nsalu yobiriwira ija mosamala, ulusi ndi ulusi, n'kuipinda n'kuiika m'thumba la ovolosi.

Atazimitsa makina anamva chitseko cha galimoto chikutseguka. Akapitawo anabwera pang'onopang'ono, atagwira chala cha amayi ake. Anakankha chidutswa chimodzi ndi nsapato.

"Wafa?"

"Wafa, Akapitawo. Ndamupha ndekha."

"Sadzukanso?"

"Sadzukanso."

Mwanayo anayang'ana zidutswazo, kenako maso ake anaima pathumba la ovolosi, pamene kansonga kobiriwira kanatulukira.

"Nanga icho? Chinali mkati mwake. Mufilimu muja anati kakatsala kachidutswa ka mkatimo ngakhale kamodzi, amadzukanso."

Namwino anaizindikira nsaluyo. Anagwira pakamwa. "Iyayi mwanangu, imeneyo ndi..."

"Usiye," anatero a Gogoda.

Anaitulutsa. Inali itathetheka, maluwa ake osaonekanso bwino, m'mphepete muli ulusi wokhotakhota wa munthu amene ankasoka akukalipa. Anaigwira ndi manja awiri. Anayang'ana mwana wawo, anayang'ana mdzukulu wawo amene ankadikira osaphethira, n'kuiponya mumgolo. Nsalu yakale sichedwa kupsa.

Pamenepo Akapitawo anasiya chala cha amayi ake, n'kuthamanga n'kudzawakumbatira m'miyendo mwamphamvu.

"Agogo, ndinu ngwazi! Ndikawauza anzanga onse kuti agogo anga ndi amene anamupha! Mubwere Lamlungu, kuli keke!"

Iwo anangosisita kamutu kaja.

Lamlungu anafika pakhomo la namwino atavala jekete lija, mphatso ili kukhwapa. Mkati munkamveka ana akuseka. Dzanja lawo linanyamuka lokha, zala zitapindika kale, n'kuima m'malere pafupi ndi chitseko. Analiyang'ana dzanjalo, analibweza, n'kulilowetsa m'thumba. Kenako anakonza kukhosi, ndipo monga mlendo wina aliyense, anaitana:

"Odi kuno!"

Timapazi tinamveka tikuthamanga mkati.