A Fanizo ndi Bowo la m'Pikapu ya Augustino

A Fanizo anawoloka Shire ali kumsana kwa amayi awo, m'zaka zimene nkhondo inkabalalitsa anthu ku Mozambiki. Anakulira kwa Malemia, ndipo kwa zaka makumi atatu akhala akumata machubu pansi pa mtengo wa bwemba pafupi ndi msika. Njinga za kabaza, mateyala a ngolo, mphira za mijigo: chilichonse chotaya mpweya kapena madzi chimapita kwa iwo. Akamata chubu amachimiza m'beseni kawiri, ngakhale mwini wake akhale pa changu chotani. M'tchalitchi mwathu ankakhala pa benchi lachitatu, akuimba motsalira pang'ono koma ndi mtima wonse.

Ndikulemba za iwo chifukwa tinawalakwira, ndipo mpaka lero sitinalape.

Mumpingo momwemo muli Augustino, mwini pikapu yonyamula thonje ndi nsomba zouma. Chaka chatha anafuna kuti galimotoyo izimudyetsanso pa maukwati. Anagula sipika yaikulu ya bezi, ija imagunda m'chifuwa, naiika m'bokosi kumbuyo. Kuti kugundako kuzifika kutsogolo, anaboola ndi galainda, makina odulira chitsulo, khoma la kuseri kwa mipando, naboolanso khoma la bodi yonyamulira katundu loyang'anizana nalo. Pakati pa makoma awiriwo pali mpata wolowa chikhatho, ndipo mpatawo unafunika kutsekedwa kuzungulira bowolo. Choncho anabwera pa bwemba.

A Fanizo anakwawira pansi pa galimoto, natuluka akudzisasa fumbi.

"Mphwanga, mutu wa galimoto ndi bodi yake si thupi limodzi. Pa mabampu chilichonse chimagwedezeka pachokha. Apa pakufunika mphira yofewa. Undipatse masiku atatu ndikapeze chubu cha thirakitala. Komanso paipi ya utsi yabooka pansi penipeni pa mpatawu."

"Masiku atatu? Ukwati ndi mkuja, madala! Zanu ndi zigamba za njinga basi. Ndikawotcheretsa chitsulo, lero lomwe zitheke."

"Nkhabe," anatero a Fanizo pokana, pakuti akakwiya amabwerera ku Chisena. "Chitsulo chithyoka, utsi ulowa. Ukatero, wina adzafera m'galimotomu."

Anthu a pamsika anatola mawu omalizawo okha.

Augustino anakawotcheretsa chitsulo kuzungulira bowolo, namatapo phula, ndipo makoma awiri aja anagwirana. Loweruka linafika ndi mphepo ya mwera, fumbi lili koboo. Mayi Veronika, amake a mkwatibwi, amenenso amatsogolera amayi mumpingo mwathu, anakhala kutsogolo pa ulendo wa kumudzi kwa mkwati. Msewu wake ndi wa zigwembe, ndipo chitsulo chija chinang'aluka panjira popanda wodziwa. Atafika, Augustino anatsika nasiya injini ikulira kuti sipika isamalize batire. Mayiwo anatsalamo, natseka magalasi kuti fumbi lisadetse mpango wawo woyera. Pamene amayi anzawo ankabwera ndi nthungululu kudzawatenga, anawapeza atazyolika, atasanza, osayankha.

Mulungu anatichitira chifundo: mayiwo anatsitsimukira kuchipatala madzulo ake. Koma asanatsegule n'komwe maso, mlandu unali utagamulidwa kale m'misewu. "Si paja ananena? Ananena pamaso pa anthu kuti wina afa!" Anyamata a kabaza, amene njinga zawo a Fanizo azichiritsa kambirimbiri, anakataya beseni lawo m'ngalande ndi kudula machubu awo ndi mipeni. Ena anakumbukira mwadzidzidzi kuti munthuyu ndi wa kutsidya. Zaka zonsezi mumamwa madzi a mijigo imene iye anakonza, osamufunsa kwawo. Lero ndi pamene mwadziwa kuti ndi mlendo?

Ndipo ife akulu a mpingo, amene timawerenga Malemba sabata ndi sabata, tinachita choipa koposa. Tinawaletsa a Fanizo mgonero, ndipo tinalengeza pa guwa kuti akufufuzidwa pa nkhani ya ufiti. Timalalikira za mlonda wa pa linga amene ayenera kuliza lipenga akaona lupanga likubwera, kuti mwazi wa anthu usafunsidwe pa dzanja lake. Mlondayo analiza lipenga pakati pathu, ife n'kunena kuti ndiye waitana lupangalo! Amene anaponya mneneri m'dzenje la thope chifukwa chowachenjeza anasiyana nafe pati?

Ku bwalo la akulu a mpingo, a Fanizo sanadziteteze ndi mawu ambiri.

"Abwere nayo galimoto, ndi ndowe zouma za ng'ombe."

"Mwamva? Akufuna zizimba!" anafuula Augustino.

"Zizimba zake ndi zomwe akazi ako amafukizira udzudzu," anayankha iwo.

Galimoto itabwera, a Fanizo anayatsa ndowezo m'phale, nalikankhira pansi pa mpata uja, magalasi onse ali otseka. Tisanamalize n'komwe kunong'onezana, utsi woyera unayamba kutuluka kuseri kwa mipando ngati njoka, mpaka chiwongolero sichinkaonekanso. Kenaka analoza mng'alu wa chitsulo chija, ndi mwaye wakuda pamene paipi inabooka.

"Utsi wa ndowe umaoneka. Wa injini umagoneka munthu asanadziwe. Ufiti wanga ndi umenewu."

Augustino anayang'ana pansi, kenaka anati, "Ndiye mundikonzere, madala."

Ndikanakhala ine, sindidziwa ngati ndikanavomera. Koma iwo anati galimotoyo idzanyamulanso anthu ena osalakwa. Anachotsa chitsulo chonse, napala dzimbiri m'mphepete mwa mabowo onse awiri. Anadula chubu cha thirakitala ngati mkono wa malaya, nachisiyira khwinya pakati kuti chizitha kufutukuka ndi kubwerera. Mbali imodzi anaimata ndi guluu ku khoma la kutsogolo, ina ku khoma la bodi, ndipo mbali iliyonse anaipanikiza ndi tizitsulo tathyathyathya ndi mabauti. Paipi ya utsi anakaiwotcheretsa iwo ataimirira pomwepo. Atamaliza anauza amuna anayi kuti akwere kumbuyo azidumpha, iwo akuyang'ana mphirayo ikupuma. Anayatsanso ndowe: m'kati munakhala mbee. Anayatsa kachiwiri, monga amamizira chubu kawiri.

Sipika ija ikugunda mpaka lero pa maukwati a kuno. Koma dzina limene tinalidetsa pa guwa tinafuna kulitsuka kuseri. Tinatuma munthu kukawanong'oneza kuti akhoza kubwereranso ku mgonero. Akulu anzanga ati kulengeza kuti tinalakwa kungachepetse ulemu wa mpingo. Ulemu wanji umene umaima pa msana wa munthu wosalakwa? A Fanizo anayankha kuti, "Pamene munaboola ndi pamene mutseke." Sitinatseke, ndipo pa benchi lachitatu pali mpata. Kwa miyezi iwiri anthu ankalambalala bwemba ndi njinga zawo zophwa, chifukwa mawu omaliza amene anamva pa guwa anali a ufiti.

Amene anatichititsa manyazi ndi mayi Veronika. Tsiku la msika anakankha njinga yawo yophwa kudutsa anthu ena atatu omata machubu, atasenza beseni latsopano pamutu, naliika pa mapazi a Fanizo anthu onse akuona.

"Achimwene, akulu akusowa pakamwa, ndiye ndabwera ndi panga. Munatichenjeza, sitinamve. Matani chubuchi."

"Takhuta, mai," anatero a Fanizo pothokoza m'Chisena, nathira madzi m'besenimo. Pofika masana, njinga zisanu za kabaza zinali zitatsamira pa bwemba, eni ake akudikira osayang'ana munthu kumaso.