Mafuta a nsatsi pa uta wa vayolini

Uta wa vayolini ukangopakidwa mafuta, vayoliniyo silira. Ubweya wa utawo, womwe umachokera kumchira wa hatchi, umagwira nsambo chifukwa cha utomoni wouma womwe woyimba amapakapo, ndipo utomoniwo umasiya fumbi loyera. Amayi anga, aNambewe, anadziwa zimenezi m'mawa wa Loweruka lomwe ndinkakayesedwa ku Area 14.

Kunali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndili mu Sitandade 7 pasukulu ya kwathu, chakumbali ya Mitundu. Mumzinda wa Lilongwe munali kagulu ka amayi, ena masisitere, ena akazi a madokotala, omwe ankagulitsa makeke ndi zovala zakale n'kumagula mavayolini otha ntchito kunja. Ankawabwereketsa kumasukulu a kumudzi komwe kunali mphunzitsi wodziwa manotsi. Kwathu analipo a Chimwaza, omwe anadutsako kuseminale. Anthu ankati tikuliza kaligo wa azungu. Lamulo la kaguluko linali limodzi. Pakatha chaka, mwana ankakayimba pamaso pa amayiwo. Akakhoza, vayolini inkakhala m'manja mwake mpaka atamaliza sukulu. Akalephera, ankabwerera kumudzi chimanjamanja, vayolini n'kupita kwa mwana wina.

Sabata ya mayeso anga a Chimwaza anagona ndi malungo, choncho anandiperekeza ndi amayi. Utomoni pasukulu ponse unali kachidutswa kamodzi, ndipo sukanachoka. A Chimwaza anadzuka pamphasa, napaka uta wanga mpaka unayera, n'kundiuza kuti wina aliyense asakhudze ubweyawo. Anauza ine. Amayi sanawauze, ndipo inenso sindinaganize zowauza.

Tinagona kwa azakhali ku Mchesi. M'mawa amayi anasita yunifolomu yanga ndi simbi yamakala, anandipesa, ananditumiza kukasamba. Potuluka ndinawapeza atakhala pakhonde, bokosi la vayolini lili chitsegukire, uta uli pamiyendo pawo, kabotolo ka mafuta a nsatsi kali pambali. Fumbi lonse anali atalipukuta ndi kansanza konyowa, kenako anapaka mafuta kuyambira kunsonga. Utawo unkanyezimira ngati mwendo wa mwana wopita kutchalitchi.

"Taona mmene wawalira," anatero. "Aphunzitsi akowa amasunga zinthu ngati zilibe mwini."

Ndinatenga vayolini n'kukoka uta. Panamveka kamphepo chabe, ngati munthu akuuzira phala. Ndinakokanso mwamphamvu, uta n'kumangotereka pansambo. Amayi anayang'ana zala zawo.

Azakhali ndiwo anafunsa kuti fumbilo linali la chiyani. Nditafotokoza, anati mumsika waukulu muli a Che Saidi, okonza mawailesi, omwe amasunga timibulu tachikasu tonunkhira ngati mtengo wa paini. Ndinakumbukira kuti a Chimwaza ananenapo kuti utomoni wa owotcherera mawaya ndi womwewo, ndiponso kuti mafuta pa uta amachoka ndi sipiriti basi. Tinanyamuka osamwa tiyi.

Masiku amenewo munthu sankalowa mumsika wa Lilongwe asanaonetse khadi la chipani. Pachipata pankakhala anyamata a malaya ofiira. Amayi anamasula khadi lawo pansonga ya chitenje, ndipo linali la chaka chomwecho. Tinali titadutsa kale pomwe mmodzi wa anyamatawo, wamtali, wa chipsera pachibwano, anagogoda bokosi langa ndi ndodo.

"Muli chiyani umu, mayi? Maliro a mwana kapena mfuti?"

Anzake anaseka, iye ayi. Mawu oti mfuti sanali ochezera. Anthu ankatengedwa kupita kuofesi ya chipani pa nkhani zochepa kuposa imeneyo, ndipo ena sankabwerako tsiku lomwelo. Ndinagwada pafumbi n'kutsegula. Amayi anafotokoza kuti ndi choyimbira cha kusukulu. Mnyamatayo anati ngati ndi choyimbira, mwanayu ayimbe nyimbo yotamanda mtsogoleri wa dziko, timve tonse.

Chifukwa cha mantha ndinachita zomwe manja anazolowera. Ndinaika vayolini paphewa n'kukoka uta. Sipanamveke kanthu. Ogulitsa tomato omwe anali pafupi anasiya kuitanira malonda. Mnyamatayo anandilanda vayolini, naigwedeza pakhutu, nasuzumira m'timabowo take. Anati choyimbira chosalira ndiye kuti mkati mwake muli zina, ndipo anauza mnzake kuti abwere ndi mpeni aikanule.

Ndinamupempha kuti andibwezere kamodzi kokha. Uta ndinausiya pansi. Ndinayamba kuliza nsambo ndi chala, monga a Chimwaza ankatiphunzitsira tisanagwire uta, ndipo ndinasankha nyimbo yomwe amayi ankavina pamisonkhano ya chipani. Inkamveka pang'ono, koma inkadziwika. Mayi wina wa tomato anayamba kuing'ung'udza, anzake n'kupolokozana naye. Nyimbo yotero ikayamba panalibe wolimba mtima kuidula, ngakhale wa malaya ofiira. Mnyamatayo anaima chilili mpaka inatha, kenako anakupiza dzanja kuti tizipita.

A Che Saidi tinawapeza pakabenchi kawo, pakati pa osoka nsapato ndi okhoma zidebe. Anali bambo wochepa thupi, wa kofiya yoyera, ndipo pabenchipo panali fungo la mtovu wosungunuka. Vayolini anali asanaigwirepo. Anamvetsera, ananunkhiza uta, anayang'ana amayi.

"Mafuta onsewa mukanapaka mwanayu, mayi, bwenzi atakhoza ndi kuwala kokha."

Amayi sanaseke. A Che Saidi anatulutsa sipiriti woyatsira pulayimasi ndi mswachi wakale, nati ine ndiziwauza chochita, chifukwa chikaonongeka iwo alibe china chobweza. Ndinamasula sikuluwu kuti ubweya ulendewere patali ndi mtengo, poti sipiriti amadya polishi. Amayi anakulunga mtengowo ndi chitenje chawo n'kuugwira ndi manja awiri. A Che Saidi ankatsuka pang'onopang'ono, kansanza n'kumatuluka kachikasu. Atatha anayanika uta padenga la malata, ndipo tinkangoyang'ana mthunzi wa dengalo ukufupika. Kenako anaphwanya kambulu ka utomoni ndi nyundo yaing'ono, ine n'kupaka mpaka mkono unalema.

Theka la uta, la kufupi ndi dzanja, linalira. Theka la kunsonga, komwe amayi anayambira kupaka mafuta ali ambiri, linakana. Nthawi yotsukanso panalibe. Amayi anapereka kathumba ka mtedza komwe tinanyamulira azakhali, a Che Saidi anatapa dzanja limodzi n'kubweza kotsalako.

Tinakwera basi kudepoti mpaka ku City Centre, kwinako tinayenda pansi. Ndinali ndisanaonepo misewu yopanda anthu chotero. Kunali mipanda ya maluwa, agalu ouwa kuseri kwa mageti, ndi udzu wobiriwira m'mwezi wa Okutobala. Nyumba yake inali ya mayi wina wachizungu wokalamba, yemwe ana tinkangomutchula kuti Dona wa Piyano. Tinafika omaliza. Pakhonde panali mnyamata wa ku Nathenje atakhala ndi bambo ake, bokosi alibe, maso ali pansi.

M'chipindamo munali amayi anayi ndi piyano. Amayi anga anakana mpando, nakhala pansi pafupi ndi chitseko. Nyimbo yanga inali yovinira ya ku Ulaya, yakalekale, yodekha. Ndinaiyamba ndikukoka uta mofupikitsa kuti ndisafike kunsonga, ndipo gawo loyamba linadutsa, ngakhale mawu anali okalipa. Koma pakati pake pali noti yaitali yomwe imafuna uta wonse. Ndinaikoka. Inamveka, inachepa, kenako inazimirira, piyano n'kutsala yokha. Ndinamalizabe nyimboyo.

Dona uja anatambasula dzanja. Ndinkaganiza kuti akufuna vayolini, ndipo ndinali nditayamba kuichotsa paphewa, koma analoza uta. Anaununkhiza, nakwinya mphuno, nayendetsa chala paubweya n'kuchiyang'ana. Anafunsa m'Chichewa chake chopindikapindika kuti ndani wachita zimenezi.

Ndisanayankhe, amayi anakwawa ndi maondo mpaka pakati pa kapeti.

"Ndine, mayi. Unali wafumbi. Mwana sangapite kwa anthu ndi chinthu chafumbi. Ngati mukulanda, landani, koma mwanayu sanalakwe."

Sisitere wina anamasulira m'Chingerezi. Dona uja anadzuka n'kutuluka. Anabwera ndi uta wake womwe, woyera mbuu ndi utomoni, nauonetsa kaye kwa amayi kuti aone kuti ngakhale wake ndi wafumbi. Anandipatsa, nabwerera papiyano, nati tiyambirenso. Noti yaitali ija inafika kunsonga ili moyo.

Vayolini ndinabwerera nayo kumudzi, pamodzi ndi kachidutswa ka utomoni kangakanga. M'basi amayi anaikumbatira njira yonse, koma bokosi lake sanalitsegulenso mpaka tsiku lomwe ndinaibweza nditamaliza sekondale.

Lero pachipata cha msika palibe wofunsa khadi. Pomwe panali benchi la a Che Saidi pali anyamata okonza mafoni, ndipo nyumba ya ku Area 14 ija inazunguliridwa ndi mpanda wa njerwa. Kagulu ka amayi aja kanatha akuluakulu ake atabwerera kwawo. Ena mwa ife omwe tinadutsa m'manja mwawo tasonkhanitsa mavayolini ochepa, ndipo Loweruka likudzali tikawapereka kusukulu ya kwathu ija. Tapempha kuti ana abwere ndi makolo awo. Amayi, omwe tsopano amayenda ndi ndodo, anena kale kuti woyamba kulankhula ndi iwo, ndipo kabotolo ka mafuta a nsatsi akasunga kale m'chikwama kuti akaonetse amayi anzawo.