Mayi a Tumatumbo

Kophera nyama ankawatchula Mayi a Tumatumbo. Ankafika m'mawa atavala magambuti oyera, fulasiki m'manja, n'kuima pakona kudikira kuti nkhumba zazikazi zitumbulidwe. Nyama analibe nayo ntchito. Iwo ankangodula tinjira topyapyala ngati chingwe cha nsapato, momwe dzira limadutsa popita m'chiberekero.

"Mayi, ndiwo zimenezi zimakwana pabanja?" ankawaseka mkulu wa opha nkhumba.

"Banja lake ndine ndekha, mpaka zimatsalako," ankayankha.

Sankanama. Amuna awo anamwalira kalekale, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo anakwatiwa kutali. M'minibasi anthu ankasendera uko chifukwa cha fungo la m'zovala.

Ntchito yawo inali ku labotale, m'kachipinda kapansi kopanda windo. Ankafinya tinjira tija kuti mutuluke timadzi tokhala ndi mapuloteni. Dzira la nkhumba likaikidwa m'mbale popanda timadzito, mbewu zamphongo zimalowamo mothithikana, dzira n'kuwonongeka. Likanyowa nato chikhungu chake chimalimba, sizilowanso mwachisawawa. La hatchi ndiye linali lamakani: m'mbale silinkalola ngakhale imodzi. Adokotala otsogolera kafukufuku ankafuna kuona ngati timadzi ta nkhumba tingalithandize.

Anagwira limodzi zaka zambiri, akumwera tiyi pawindo la m'khonde. Kenako adokotala anapeza ntchito kunja.

"Pitirizani, mayi, ndizikuimbirani," anatero potsanzika.

Anaimbadi miyezi yoyamba, kenako zii.

Masana ena Mayi a Tumatumbo atasuzumira pa maikulosikopu anaona dzira la hatchi litagawika pawiri. Anapukuta magalasi n'kuyang'ananso. Linali litagawikadi, chizindikiro choti mbewu yamphongo yalowa.

"Adokotala, tabwerani!" anafuula akutembenuka. Pampando wa adokotala panali makatoni a magolovesi.

Anayesa foni ya adokotala koma sinalowe. Ndiye anaimbira mwana wawo.

"Amama, ndili pamzere kuchipatala, mdzukulu wanu akutsokomola. Mwati hatchi yatani? Mwagula hatchi?"

"Ayi, mwanawe, ndi dzira chabe. Thamanga naye mwanayo."

Anakhala pansi n'kumaliyang'ana dziralo mpaka maso anachita kuwawa. Kenako analijambula, natumiza chithunzi kwa adokotala. Yankho linabwera patapita milungu: ayamikira kwambiri, koma tsopano akufufuza za nkhosa.

Chaka chisanathe kafukufuku anatsekedwa, kachipinda kaja n'kusanduka mosungira mipando yothyoka. Mayiwo anawasamutsira m'mwamba, kotsuka mabotolo, mpaka nthawi yopuma pantchito inakwana.

Pa tsiku lotsanzikana panali zakumwa ndi mabisiketi. Bwana watsopano anaimirira n'kuwathokoza chifukwa cha ntchito yaikulu imene anagwira pa ng'ombe. Anthu anaomba m'manja. Mayi a Tumatumbo anatsegula pakamwa kuti akonze, koma anzawo anali atayamba kale kugawana mabisiketi. Analandira mphatso yawo, wotchi yapakhoma, naikumbatira pachifuwa ulendo wonse wa kunyumba.